Kodi Masautso Ndi Umboni Woti Mulungu Kulibe?

Mwezi wa Marichi unatiliza zaka zitatu zotsatizana. Mu Marichi 2022 boma linalengeza kuti m'dziko muno mwabuka kolera, ndipo wodwala woyamba anapezeka kuno ku Machinga. Mliriwo unayenda dziko lonse n'kupha anthu oposa 1,700, chiwerengero chomwe kolera anali asanafikepo m'mbiri ya Malawi. Misozi isanaume, mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy anakhuthula mvula usana ndi usiku kuchigawo chakummwera. Mapiri anagumuka ku Blantyre, Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe, mitsinje inasefukira mpaka kuno kwathu, ndipo anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa osapezekanso. Patangopita masiku ochepa unayamba mwezi wa Ramadhan, moti mabanja ambiri anamanga ndi kumasula swaumu ali m'misasa. Chaka chotsatira mvula yomwe inatipha ija inatithawa. Chimanga chinauma chisanabereke ku Phalula, ku Utale ndi ku Ulongwe, ndipo mu Marichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 agwa m'ngozi ya chilala.

Pa maliro ambiri a zaka zimenezi pakhala funso lomwe akuluakulu amalimeza koma achinyamata amalitulutsa: ngati Allah alikodi, ndipo ndi Wachifundo chambiri monga timanenera poyamba ntchito iliyonse, analekereranji zonsezi? Ana athu a kusekondale ndi kukoleji akulimva funsoli pa foni, pa Facebook ndi pa TikTok, kuchokera kwa anthu ophunzira amene amaliyankha okha kuti analekerera chifukwa kulibe. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi pafupifupi awiri pa 100 aliwonse alibe chipembedzo. Si onse mwa iwo amene amakana Mulungu, komabe mawu a okanawo amamveka patali kuposa chiwerengero chawo. Mwana akabwera nalo funsoli kunyumba, kumukalipira kuti wayamba ukafiri kumangomuphunzitsa chinthu chimodzi, choti akuluakulu alibe yankho. Tiyeni tikhale nalo pansi monga tichitira ndi mlandu wa pabwalo.

Mlandu monga eni ake amaunenera

Chilungamo chimafuna kuti tiyambe tamva mbali inayo mu mphamvu zake zonse. Mtsutso woyamba ndi wa masautso. Ndi wakale kwambiri. Amautchula ndi dzina la Epicurus, Mgiriki amene anamwalira zaka pafupifupi 270 Mneneri Isa (mtendere ukhale pa iye) asanabadwe, ndipo David Hume wa ku Scotland anaudzutsanso m'buku lomwe linatuluka mu 1779. Tiuike m'mawu akwathu. Mayi akaona mwana wake akumira pa Shire amadziponya m'madzi. Akalephera kumufikira timati mphamvu zinamuchepera. Akangoyang'ana pomwe mphamvu ali nazo timati alibe chifundo. Tsono inu mukuti Mulungu ndi Wamphamvu zonse komanso Wachifundo chonse, chikhalirecho mwana wamira ndithu. Iwo amati chimodzi mwa ziwirizo chiyenera kukhala chabodza, kapena Mulunguyo kulibe.

Mu 1955 katswiri wina, J. L. Mackie, analemba kuti mfundo zitatuzi, zoti Mulungu ngwamphamvu zonse, ngwabwino kotheratu, ndipo zoipa zilipo, sizingakhalire limodzi. Anzake ambiri pambuyo pake anaona kuti wanena mopyola, popeza munthu wabwino amatha kulola ululu pa chifukwa chabwino, monga kholo lomwe limagwira mwana kuti namwino amubaye katemera. Choncho mu 1979 William Rowe wa ku America anaunola mtsutsowo mwatsopano. Anavomera kuti masautso ena ali ndi phindu, koma anafunsa za masautso ooneka opanda phindu lililonse. Chitsanzo chake chinali mwana wa gwape wopsa ndi moto wa mphezi m'nkhalango, n'kufa pang'onopang'ono masiku angapo popanda womuona. Ife sitisowa chitsanzo cha kutali. Khanda lomwe lafa ndi kolera m'zimbowera za pa nyanja ya Chilwa silinachimwe, silinaphunzirepo kanthu pa ululu wake, ndipo silinakhale ndi nthawi yoti liyesedwe.

Mtsutso wachiwiri ndi wa nzeru za munthu. Umati chomwe sitingachione, kuchiyeza kapena kuchitsimikiza ndi umboni sitiyenera kuchikhulupirira. Makolo ankati mliri ndi mkwiyo wa mizimu, koma mu 1854 dokotala John Snow anaonetsa ku London kuti kolera amayenda ndi madzi akumwa. Lero a zanyengo amaona namondwe akubadwa pa nyanja ya mchere n'kuneneratu tsiku lomwe afike. Eni mtsutsowu amati paliponse pomwe sayansi yafika, Mulungu wasendera kumbuyo, ndipo tsiku lina malo ake adzatheratu. Kuno kwathu maganizo otere anadziwika kwambiri kudzera mwa George Thindwa ndi bungwe la Association for Secular Humanism.

Funsoli si mlendo m'nyumba ya Chisilamu

Wachinyamata amene akuganiza kuti funsoli labwera ndi intaneti atsegule Surah al-Baqarah. Oyamba kulifunsa anali angelo. Allah atawauza kuti aika munthu padziko, iwo anadabwa kuti akuikiranji cholengedwa chomwe chidzaononga ndi kukhetsa mwazi. Allah sanawathamangitse chifukwa chofunsa. Anawauza kuti pali zomwe Iye akudziwa zomwe iwo sakuzidziwa, kenako anawaonetsa mphatso ya kudziwa yomwe anaika mwa Adam. Mu Surah yomweyo Mneneri Ibrahim anapempha kuti aonetsedwe momwe akufa amaukitsidwira kuti mtima wake ukhazikike, ndipo anaonetsedwa. Akuluakulu athu anati safunsa anadya phula, ndipo Qur'an siwatsutsa.

M'zaka zoyambirira za Chisilamu mafunsowa ankakambidwa poyera ku Basra ndi ku Baghdad. Ibn al-Rawandi anatsutsa uneneri. Abu Bakr al-Razi, sing'anga wotchuka amene anamwalira cha m'ma 925, amanenedwa kuti ankati nzeru yokha ikwanira popanda aneneri. Maulama anawayankha ndi mabuku, mfundo pa mfundo. Gulu la Mu'tazila, pofuna kuteteza chilungamo cha Allah, linaphunzitsa kuti Allah ayenera kumuchitira munthu aliyense chomwe chili chomukomera koposa, ndipo nzeru ya munthu ikhoza kuchizindikira chimenecho.

Zimanenedwa kuti Imam Abu al-Hasan al-Ash'ari, amene anamwalira cha m'ma 936, anafunsa mphunzitsi wake al-Jubba'i, mkulu wa gululo, za abale atatu. Wina anakula ali wolungama n'kulandira ulemerero waukulu, wina anafa ali mwana, wachitatu anakula ali woipa n'kukalowa kumoto. Wofa ali mwanayo akafunsa chomwe sanapatsidwire moyo wautali kuti apeze ulemerero wa mkulu wake, adzayankhidwa chiyani? Mphunzitsiyo anati adzauzidwa kuti akanakula akanachimwa, choncho imfa inamukomera. Pamenepo al-Ash'ari anafunsa za wachitatu uja: nanga iye akadzadandaula kuti bwanji sanatengedwe ali mwana, adzayankhidwa chiyani? Akuti mphunzitsiyo anasowa chonena. Nkhaniyi tiisunge, chifukwa phunziro lake ndi msana wa zonse zomwe tikunena. Aliyense wodzitenga kuti akudziwa chifukwa cha Allah pa moyo wa munthu mmodzimmodzi amakodwa mu msampha wake womwe.

Tiyambe tachotsa zomwe ndi zathu

Tisanaimbe mlandu kumwamba, tiyambe tawerenga gawo la masautso lomwe lili ndi zidindo za zala za anthu. Mu 2018 kuno ku Machinga anapha MacDonald Masambuka, mnyamata wachialubino, pofuna ziwalo zake. Mu 2022 khoti lalikulu linapeza anthu 12 olakwa pa milandu yosiyanasiyana yokhudza imfayo, ndipo mmodzi mwa iwo anali m'bale wake weniweni. Palibe namondwe amene anachita zimenezi. Anachita ndi anthu, ali ndi nzeru zawo, atasankha okha. Allah akanatha kulenga anthu osatha kuchimwa, ndipo zolengedwa zotere anali nazo kale, ndiwo angelo aja. Munthu anapatsidwa ufulu wosankha, ndipo dzanja lomwe lingathe kupereka sadaka mwa kufuna kwake lingathenso kugwira mpeni. Kupempha dziko lomwe muli kukoma mtima kwenikweni koma mulibe mwayi wochita nkhanza n'kupempha ndalama yachitsulo ya mbali imodzi.

Ngakhale m'ngozi zomwe timati zachilengedwe, dzanja la munthu limaonekamo. Kolera amakula pomwe palibe zimbudzi ndi madzi abwino, ndipo mankhwala ake oyamba ndi thanzi ORS, wotsika mtengo kuposa botolo la chakumwa. Matumba a makala omwe andandalikidwa m'mbali mwa msewu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde anali mitengo yogwira nthaka m'mapiri a Machinga. Akatswiri a zanyengo akuti kutentha kwa dziko kukuchititsa kuti anamondwe azibwera ndi mvula yochuluka, ndipo utsi woyambitsa kutenthako wambiri umachokera m'maiko olemera, pomwe Malawi gawo lake ndi lochepetsetsa. Surah ar-Rum inanena kale kuti chionongeko cha pamtunda ndi panyanja chimatsatira ntchito za manja a anthu.

Komabe tisathamangire kutseka mlandu. Tikachotsa zonsezi pamatsalabe kanthu. Khanda lija silinadule mtengo. Anamondwe, chilala ndi matenda zinalipo anthu asanayambe kuotcha makala. Yankho la ufulu wosankha limafotokoza gawo lalikulu, ndipo Msilamu woona mtima avomere kuti silifotokoza zonse.

Pomwe nzeru imafika ndi pomwe imalekezera

Pa zotsalazi ndi pomwe mtsutso wa Rowe waima. Tiyang'anitsitse phazi lomwe waimirapo. Akuti: sindikuona chifukwa chabwino cha ululu uwu, choncho chifukwacho palibe. Mawu oti "sindikuona" ndi oti "palibe" amafanana nthawi zina zokha. Mayi akasuzumira m'beseni n'kusaonamo nsomba, akhoza kulumbira kuti mulibe, chifukwa beseni lonse lili m'maso mwake. Msodzi wa pa Chilwa akakoka khoka kamodzi n'kutuluka lopanda matemba, sanganene kuti m'nyanja mulibe nsomba, chifukwa khoka lake lagwira kachigawo kochepa. Funso ndi lakuti, kodi chilengedwe chonse, ndi zaka zake zosawerengeka ndi kulukana kwa zochitika zake, kwa ife ndi beseni kapena ndi nyanja? Munthu amene sadziwa chomwe chimuchitikire mawa sangayankhe moona kuti ndi beseni.

Ichi ndicho Surah al-Kahf imatiphunzitsa Lachisanu lililonse m'nkhani ya Mneneri Musa ndi kapolo wa Allah amene timamudziwa kuti Khidr. Musa anaona chombo cha anthu osauka chikubooledwa, mnyamata akuphedwa, ndi khoma likumangidwa mwaulere m'mudzi wa anthu oumira. Katatu konse analephera kukhala chete. Tione bwino kuti wodandaulayo anali Mneneri, ndipo kudandaula kwake kunachokera mu mtima wodana ndi chisalungamo. Chomwe chinamuchepera chinali kuona patali. Sanadziwe za mfumu yolanda zombo zabwino yomwe inali kutsogolo. Musa anauzidwa tanthauzo ulendo utatha. Ife tikadali m'chombo, ndipo ulendo wathu sunathe.

Palinso china chomwe otsutsa amachisiya panja. Akafuna kuonetsa kuti chikhulupiriro chathu chimadzitsutsa chokha, ayenera kuchitenga chonse. Chisilamu sichinalonjezepo kuti dziko lino ndi malo a malipiro. Chimaphunzitsa kuti ndi malo a mayeso, ndi kuti buku la munthu silitsekedwa pamanda. Surah al-Baqarah imachenjezeratu kuti tidzayesedwa ndi mantha, njala, ndi kutaya chuma, miyoyo ndi zokolola. Kuchotsa Tsiku la Kiyama m'chikhulupiriro chathu kenako n'kunena kuti zotsalazo n'zopanda chilungamo kuli ngati kutuluka m'khoti mboni zisanathe kulankhula n'kumalengeza kuti woweruza sanagamule.

Wina adzati: zonsezi zikungoonetsa kuti Mulungu akhoza kukhalako, sizikutsimikiza kuti aliko. Akunena zoona. Chikhulupiriro chathu chimaima pa maziko ena, ndipo nzeru ili nawo gawo lalikulu. Chilichonse chomwe timachiona chimadalira china kuti chikhalepo: chimanga chimadalira mvula, mvula imadalira nyanja ndi dzuwa, dzuwa nalo linali ndi chiyambi. Ibn Sina, amene anamwalira mu 1037, anafotokoza kuti mndandanda wa zinthu zodalira zinzake, ngakhale utatalika chotani, sungadziimike wokha, ndipo payenera kukhala Mmodzi amene kukhalapo kwake sikudalira chilichonse. Mudzi womwe aliyense wabwereka ufa kwa mnzake uyenera kukhala ndi nkhokwe penapake.

Nanga za sayansi yomwe akuti ikumulanda Mulungu malo? Sitima ikamadutsa pa Nkaya kulowera ku Liwonde ndi Nayuchi, makaniko akhoza kutifotokozera bwino lomwe momwe dizilo amayendetsera injini. Kufotokozako n'koona, koma sikunayankhe kuti anayala njanji ndani, ndipo katunduyo akupita kwa yani. Sayansi imatiuza momwe zinthu zimayendera, ndipo tiyenera kuiphunzira ndi mtima wonse. Funso loti n'chifukwa chiyani pali malamulo osasinthasintha, omwe mpaka munthu wa ku Ntaja angawaphunzire n'kulosera nawo za namondwe, sayansi imalipeza lilipo kale. Ngakhale mfundo yoti tizikhulupirira zokhazo zomwe zayezedwa, palibe anaiyezapo pa sikelo. Nayonso ndi chikhulupiriro.

Imam al-Ghazali, wa madh-hab a Shafi'i omwe ambiri a ife timatsatira, anamwalira mu 1111 atadutsa yekha m'nyengo ya chikaiko chachikulu, ndipo anailemba m'buku lake la al-Munqidh min ad-Dalal. Anaona kuti maso amanama: nyenyezi imaoneka kachinthu kakang'ono, koma masamu amaonetsa kuti ndi yaikulu kuposa dziko. Nzeru imakonza zolakwa za maso. Tsono anafunsa ngati pamwamba pa nzeru sipangakhalenso woweruza wina. Iye sanataye nzeru. Anaiika pa mpando wake, ngati nyali yomwe imaunikira njira mokwanira kuti tiyende, ngakhale siunikira dambo lonse.

Mpeni womwewu umadulanso kwathu

Apa pafunika kusamala, chifukwa mfundo yomwe tayankhira okana Mulungu imagwiranso anthu ena opemphera. Madzi atangophwa, panamveka mawu m'malo ena achipembedzo oti Freddy anali chilango cha machimo a anthu a kumeneko. Wonena zimenezi ndi wokana Mulungu uja akuchita chinthu chimodzi. Onse awiri akuti aona nyanja yonse. Wina akuti wayang'ana ndipo chifukwa palibe, winayo akuti wayang'ana ndipo chifukwa chake ndi ichi. Onse alowa m'chipinda chomwe sanapatsidwe kiyi wake.

N'zoona kuti Qur'an imasimba za anthu a Nuh, Aad ndi Thamud amene anaonongedwa chifukwa cha machimo awo. Koma timadziwa kuti chinali chilango chifukwa chivumbulutso chinatero, ndipo chivumbulutso chinatha ndi Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye). Palibe shehe, mwalimu kapena mlaliki amene walandira uthenga wonena za Chilobwe kapena za mudzi wina wa m'mbali mwa Shire. Tsoka lililonse ndi mpata woti munthu adziyang'ane yekha n'kulapa, koma silimupatsa chilolezo choloza chala mnzake amene ali m'manda.

Sunnah ikutionetsa njira ina. Tsiku lomwe Ibrahim, mwana wakhanda wa Mtumiki, anamwalira ku Madina, kunachitika kadamsana. Anthu anayamba kunena kuti dzuwa lada chifukwa cha imfayo. Mtumiki, ali pa chisoni chotero, anawakonza kuti dzuwa ndi mwezi ndi zizindikiro za Allah zomwe sizida chifukwa cha imfa kapena moyo wa munthu. Anakana kumasulira zakumwamba molingana ndi nkhani ya banja lake. Ndipo m'hadith yomwe ili mwa Bukhari ndi Muslim anawerengera m'gulu la mashahidi munthu wofa ndi mliri, wofa ndi matenda a m'mimba, womira m'madzi ndi wogweredwa ndi nyumba. Tiwerengenso mndandandawu tikukumbukira kolera ndi Freddy. Anthu omwe ena akuwatcha olangidwa, Mtumiki anawapatsa dzina laulemu.

Mbiri ikuchitiranso umboni. Mliri wa Amwas, cha m'ma 639, unapha Abu Ubayda ibn al-Jarrah ndi Mu'adh ibn Jabal (Allah asangalale nawo), maswahaba omwe ubwino wawo palibe amaukaika. Mneneri Ayyub anadwala zaka zambiri ali wolungama. Masautso akanakhala muyeso wa uchimo, anthu amenewa akanakhala ochimwitsitsa.

Mtima wofuna kupeza wolakwa pa tsoka lililonse ndi womwewo umene umachititsa kuti mwana akamwalira mwadzidzidzi, kapena mvula ikakana, anthu athamangire kwa agogo osauka n'kuwatcha mfiti. Pa nkhani iyi George Thindwa ndi anzake anagwira ntchito yoteteza ndi kutulutsa m'ndende okalamba omwe anamangidwa pa milandu ya ufiti. Timasiyana nawo kotheratu pa za Mulungu, koma choona chimakhala choona ngakhale chichoke pakamwa pa amene tikutsutsana naye, ndipo Chisilamu chimaletsa mwamphamvu kunamizira munthu popanda umboni.

Zomwe Qadar imafuna kwa ife

Otsutsa ali ndi dandaulo linanso loyenera kulimva. Amati kukhulupirira chikonzero cha Allah kumagonetsa anthu, kumawachititsa kupinda manja n'kumati zonse ndi Mulungu. Munthu akamvetsa Qadar mwa njira imeneyo, dandaulolo lamugwira. Koma maswahaba sanaimvetse choncho. Khalifa Umar ali pa ulendo wa ku Sham anamva ali pa Sargh kuti kutsogolo kuli mliri, ndipo anaganiza zobwerera. Abu Ubayda atamufunsa ngati akuthawa chikonzero cha Allah, Umar anamuonetsa kuti kubwererako nakonso kuli m'chikonzero chomwecho, monga m'busa amene wasankha kudyetsa ngamira zake kumbali ya msipu n'kusiya kouma. M'chaka cha njala yaikulu ku Madina, Umar yemweyo anaitanitsa chakudya kuchokera ku zigawo zina, n'kudziletsa zakudya zonona mpaka anthu atapeza bwino.

Surah Ya-Sin, yomwe timaikonda kwambiri m'makomo mwathu, ili ndi ndime yoyenera kutigwedeza. Imasimba za anthu omwe atauzidwa kuti apereke mwa zomwe Allah wawapatsa, anayankha monyoza kuti sangadyetse munthu amene Allah akanafuna akanamudyetsa yekha. Qur'an imaika mawu amenewa m'kamwa mwa osakhulupirira. Choncho kugwiritsa ntchito chifuniro cha Allah ngati chifukwa chosathandizira wanjala ndi khalidwe lomwe Buku lathu limalidzudzula. Ndipo m'hadith ya mwa Muslim timauzidwa kuti pa Tsiku la Kiyama Allah adzafunsa munthu chifukwa chomwe sanakazonde wodwala, sanadyetse wanjala ndi kumwetsa waludzu, n'kumuuza kuti akanakazonda wodwalayo akanamupeza Iye pamenepo. Ife timafunsa kuti Allah anali kuti pamene anthu ankavutika. Tsikulo funso lomwelo lidzatembenukira kwa ife.

Kwa banja la ku Machinga kapena ku Balaka, zimenezi zili ndi tanthauzo logwirika. Kuthira klorini m'madzi akumwa, kukumba chimbudzi ndi kulandira katemera wa kolera akafika ndi mbali ya tawakkul, monga kumanga ngamira usanaisiye m'manja mwa Allah. Kumvera chenjezo la a zanyengo n'kusamuka m'mbali mwa mtsinje madzi asanafike si kuchepa kwa iman. Kubzala mitengo m'mapiri omwe tawameta, kubzala mapira, chinangwa ndi nandolo pambali pa chimanga m'dera louma ngati Balaka, ndi kutulutsa zakaat ya zokolola m'chaka chabwino kuti ikafike kwa amasiye a pamudzi, zonsezi ndi mayankho a funso la masautso omwe ali m'manja mwathu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pomaliza, tisiyanitse malo. Mfundo zomwe takambiranazi malo ake ndi ku madrasa, pa khonde madzulo, ndi pa zokambirana za achinyamata. Pa siwa si malo ake. Mayi amene waika mwana m'manda dzulo sakufuna Ibn Sina kapena Hume. Akufuna wina amutungire madzi, amuphikire phala, akhale naye pansi. Akalira asauzidwe kuti akutsutsana ndi Allah. Mneneri Yaqub analirira Yusuf mpaka maso anachita khungu, ndipo Qur'an imamutchula ndi ulemu. Mtumiki mwini anagwetsa misozi atanyamula Ibrahim, n'kufotokoza kuti misoziyo ndi chifundo. Swabr ndi kuletsa lilime kunena zosakondweretsa Allah pomwe mtima ukuwawa, ndipo siletsa maso kulira.

Tsono mwana wathu akadzatifunsa kuti khanda lija linaferanji, tidzamuuze zomwe tikudziwa ndipo tidzalekezere pomwe kudziwa kwathu kwalekezera. Tikudziwa kachilombo komwe kanalipha ndi momwe tingatetezere makanda ena. Tikudziwa kuti Allah sapondereza ngakhale kulemera kwa kanjere, ndi kuti nkhani ya khandalo sinathere pamanda. Chifukwa chenicheni chomwe linapatsidwira masiku ochepa chotero chili kwa Mwini wake, ndipo aliyense wonena kuti wachidziwa, kaya wavala mkanjo kaya wanyamula digiri, wanena zoposa zomwe waona. Mwana amene wamva yankho lotere kwa bambo ake kapena kwa mwalimu wake adzadziwa kuti m'Chisilamu muli malo a funso lake, ndipo akadzakumana ndi mtsutso wa Hume ku koleji adzauzindikira ngati mlendo amene anamuona kale kwawo.

Allah awachitire chifundo onse amene anatisiya m'zaka zimenezi, atonthoze otsala, ndipo atipange ife kukhala manja omwe chifundo chake chimafikira nawo kwa ovutika. Iye ndiye Wodziwa koposa.